Sikweya ya Che Haruna

Mukafika pa Chinseu m'Ndirande n'kufunsa kumene kuli kalipentala, anthu amayamba akufunsani kuti, "Uti? Wa sikweya uja?" Ndiye kuti akunena Che Haruna, bambo wamfupi wa ndevu za imvi, amene pensulo siichoka pakhutu pawo ngakhale akupita ku mzikiti. Ndi munthu wabwino, sindikukana. Koma makani awo ndi oti mukawauza kuti kunja kukugwa mvula, amayamba atuluka kaye kuti akanyowe okha. Makani amenewa, pamodzi ndi kachitsulo kena kamene amayenda nako m'thumba, anawatayitsa mnzawo wapamtima kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Anabadwira momwemo m'Ndirande. Bambo awo anachokera ku Machinga, ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzapalase makina ngati iwo. Koma mwanayo ndi singano sankamwerana madzi. Sukulu nayo anasiyana nayo mwamtendere ali sitandade sikisi, ndipo palibe anadandaula, ngakhale aphunzitsi amene. Mapeto ake bambo ake anakamutula kwa a Jameson, mmisiri wa matabwa amene anagwirako ntchito ku Harare. Kumeneko ndi kumene Haruna anakumana ndi sikweya, n'kukumananso ndi Onesimo.

Kwa inu amene simunagwireko thabwa, sikweya ndi kachitsulo kooneka ngati mkono wopinda pachigongono. Ntchito yake ndi kuuza mmisiri ngati kona yaima bwino kapena yapendama. Ya a Jameson inali ndi chogwirira cha mtengo wakuda, m'mphepete mwake muli mkuwa. Atakalamba anaipereka kwa Haruna ndi mawu akuti, "Munthu amanama, thabwa limanama, koma iyi sinama." Mawuwa anawalowa Che Haruna mpaka m'mafupa. Kuyambira pamenepo ankayeza chilichonse. Akapita kocheza, eni nyumba asanamalize n'komwe kuwalonjera, iwo ali kale chogwada pa tebulo, kenako n'kupukusa mutu ngati dokotala amene waona matenda osachiritsika. Pa chinkhoswe cha mchemwali wawo anayeza mpando wa ankhoswe a kuchimuna, ankhoswewo atakhalapo. Mabanja ena anangosiya kuwaitana.

A Onesimo anali osiyana nawo pa chilichonse. Mlomwe wa ku Phalombe, wamtali, wofatsa, woimba besi m'kwaya ya Katolika. Awiriwa anatsegula shedi imodzi pa Chinseu, n'kugawana ntchito: Che Haruna kulemba mizere ndi kudula, a Onesimo kulumikiza. Lachisanu masana shedi ankatsala nayo a Onesimo, Lamulungu m'mawa Che Haruna, choncho sinkatsekedwa konse. M'mwezi wa Ramadani a Onesimo ankakadyera chinangwa chawo kuseri kwa shedi, akutafuna pang'onopang'ono kuti mnzawo asamve. Anagwira limodzi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo makabati awo anafika mpaka ku Chilomoni ndi ku Chinyonga.

Chimodzi chokha chinkawasowetsa mtendere Che Haruna. Mnzawoyo anali ndi matenda opala. Thabwa lodulidwa kale, loyezedwa kale ndi sikweya, a Onesimo ankayamba alipala kaye kunsonga ndi puleni, kawiri katatu, asanapake guluu.

"Ukupalanso chiyani pamenepo, One? Wayamba kuikayikira sikweya?"

"Ndikungochotsa ndevu, achimwene," ankayankha choncho a Onesimo, n'kupitiriza.

Tsoka linabwera ndi wadiropu ya Mayi Petronela, ahedi a sukulu ina amene ankakhala ku Chitawira. Inali ya mlombwa, ya zitseko zitatu, ndipo inkafunika alendo a ukwati wa mwana wawo asanafike. Tsiku lolonjeza linakwana ntchito isanathe, galimoto yoti inyamule ikuliza kale hutala panja. Che Haruna anapsa mtima, analanda puleni m'manja mwa mnzawo n'kuitsekera m'bokosi.

"Lero zopala palibe. Lumikiza mmene ndadulira."

A Onesimo anawayang'ana. Analumikiza mmene mnzawo anadulira.

Ku Chitawira, wadiropu itaimikidwa kuchipinda, chitseko choyamba chinakwera pa chachiwiri, chachitatu chinasiya mpata woti mphaka akanalowa osagogoda. Mayi Petronela anavula mandala, anawapukuta, anavalanso, koma mpata unali pomwepo. Manyazi anawagwira Che Haruna, ndipo munthu wamakani akachita manyazi amafunafuna woti amusenzetse. Anatulutsa sikweya, anaigunditsa pakona, n'kutembenukira kwa mnzawo.

"Zaka zonsezi kulumikiza sunaphunzirebe? Manja akowa ndi a khasu, One. Bwerera ku Phalombe ukalime nandolo."

Ananena zimenezi pamaso pa ahedi, pamaso pa ana awo aakazi, pamaso pa dalaivala. M'mawa mwake a Onesimo anabwera ku shedi, anatenga puleni yawo ndi kapu yawo ya tiyi, ulendo wa ku Bangwe. Sanapondenso pa Chinseu.

Kuyambira chaka chimenecho dziko linayamba kupendama. Amatero Che Haruna. Kabati ikakana kutseka, olakwa anali matabwa osauma. Tebulo likamagwedera, wolakwa anali mmisiri amene anaika simenti ya pansi. Zonsezi zikalephera ankaloza phiri. "Ndirande yense anamangidwa pamtsetse, mayi. Mukufuna kabati iime bwanji pamene nyumba yeniyeniyo ikutsetsereka?" Anayamba kuyenda ndi tizidutswa ta makatoni ndi tizitsekerero ta mabotolo toika pansi pa miyendo ya katundu wawo, moti m'nyumba zambiri za ku Makata mpaka lero mukasuntha kabati mupezapo mphatso ya Che Haruna. Anayesapo amisiri ena atatu olumikiza, onse anawachotsa, ati manja awo ndi ofanana ndi a Onesimo.

Koma ankamusowa mnzawo, ndipo kusowako kunkawawa. Nthawi zina ali jijirijijiri ndi ntchito ankatambasula dzanja osacheuka n'kunena kuti, "One, tandipatsa hamala." Dzanja linkangokhala m'malere mpaka atakumbukira. Akatero tsiku lonse ankakalipira aliyense, ngakhale nkhuku zodutsa.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, Ayesha, amene amagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo ku Joni, anawatumizira katundu pa basi. Anali atamva bambo ake akudandaula kuti makasitomala a masiku ano akufuna makabati a kukhitchini a mabolodi oyera aja, ndipo sowo yamanja imawathyola m'mphepete. Che Haruna anakatenga katunduyo ku Wenela. Munali sowo yamagetsi, njanji ya aluminiyamu yowafika iwo pachibwano, ndi kachitsulo kena kofiira kokula ngati chikhatho.

"Sowoyo imayenda pa njanjipo, adadi, siikhota," anatero Ayesha pa foni, nkhope yake ikuoneka ndi kuzimirira malinga ndi netiweki. "Kofiirako ndi kasikweya. Mukakoloweke kunsi kwa njanji, mukagunditse m'mphepete mwa bolodi, basi njanji yaima yokha. Zolemba mizere zatha."

"Sikweya ndili nayo kale," anayankha Che Haruna atamanga tsinya.

"Ingoyesani, adadi."

Anayesa Lachinayi m'mawa, pakhonde la nyumba yawo, magetsi atangoyaka. Anakoloweka kofiira kaja, anagunditsa, anakankha sowo. Bolodi inaduka mosalala moti anaisisita kawiri asanakumbukire kuti akuyenera kuinyoza. Kenako anatulutsa sikweya ya a Jameson n'kuigunditsa pakona. Kunsonga kunali mpata wolowa njere ya mpunga.

Chimwemwe chimene chinawagwira sindingachifotokoze. Anaitana a neba, anaitana wogulitsa makala, anaimitsa munthu wina amene ankangodutsa ndi njinga.

"Taonani! Amafakitale ndi makompyuta awo onse alephera kona! Amayi ake Ayesha, muimbireni mwanayo, akabweze kachinthu kakeka."

Amayi ake Ayesha, dzina lawo a Zeinabu, ndi telala. Makina awo amakhala kumapeto kwa khonde lomwelo, ndipo zaka zonse zimene akhala pabanjapo anaphunzira kuti mwamuna wawo sagonja ndi mawu. Anadikira anthu abalalike. Kenako analowa m'nyumba, anang'amba tsamba la kalendala, analipinda kamodzi n'kuwongola mpindirowo ndi chikhadabo. Analipindanso kachiwiri, mpindiro pa mpindiro unzake.

"Ife atelala sikweya ya mkuwa tilibe, abambo ake Ayesha. Tikafuna kona timangopinda chonchi. Tayesani m'zonse ziwiri."

Che Haruna anaseka, koma analandira. Anaika pepalalo pa kofiira kaja, linakhala khathi, osasiya mpata ndi pang'ono pomwe. Analiika m'sikweya ya a Jameson. Kuwala kunadutsa.

"Kalendalayi ndi ya chaka chatha," anatero.

A Zeinabu anang'amba ya chaka chino. Kuwala kunadutsabe. Anapinda nyuzipepala, anapinda chikuto cha kope, zonse zinanena chimodzimodzi. Pomaliza Che Haruna anachita chimene a Jameson anawaphunzitsa kalekale, chimene anali atasiya kuchita poona ngati n'kunyoza malemu. Anagunditsa sikweya m'mphepete mwa bolodi, analemba mzere, anaitembenuza, analembanso mzere kuyambira pomwepo. Sikweya yoona imabwereza mzere womwewo. Yawoyo inatulutsa mizere iwiri, yoyambira pamodzi n'kumasiyana ngati msewu wa ku Zomba ndi wa ku Thyolo.

Anakhala pansi, pa utuchi pomwepo. Sanaganize za makabati opendama kapena za phiri limene analinamizira. Chimene chinabwera m'maso mwawo ndi nkhope ya a Onesimo kuchipinda kuja ku Chitawira, ndi kulira kwa puleni zaka zonse zija. Munthu uja sankachotsa ndevu ayi. Ankakonza zolakwa zawo, thabwa ndi thabwa, osawauza.

"Ndinamulakwira One," anatero, mawu akutuluka movutikira ngati msomali wa dzimbiri.

"Ndinakumana ndi a Ursula ku Limbe sabata yatha," anatero a Zeinabu, kunena mkazi wa a Onesimo. "Akusamuka. Akubwerera ku Phalombe Loweruka lino, ndipo ati m'tauni sadzabweranso."

"Loweruka? Mkuja? Nanga osandiuza bwanji?"

"Suja munati dzina limenelo lisadzatchulidwe m'nyumba muno?"

Munthu wina akanangovala nsapato n'kunyamuka. Koma kwa Che Haruna mawu akuti pepani ndi olemera kuposa thabwa la mbawa, ndiye anaganiza zotenga umboni kuti uwalankhulire. Anamanga sowo m'chiguduli, kofiira kaja m'thumba, njanji paphewa. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe atawaona anafunsa ngati akupita kukamanga siteshoni ya sitima. Njanjiyo inayenda mutu uli kunja kwa windo, mchira uli pamiyendo ya mayi wina wonyamula tomato, amene anawalalatira kuyambira pa Chinseu mpaka kukafika. Che Haruna, amene sanagonjepo pa mkangano wa m'minibasi chibadwire, tsiku limenelo anangoti, "Zoona, mayi."

Ku Bangwe anachita kufunsira. Anapeza kanyumba ka malata, katundu atamangidwa kale m'mitolo pakhonde. A Ursula ankakulunga mbale m'manyuzipepala. Atawaona anagwira pakamwa.

"Che Haruna! Mwasokera?"

"Ndabwera, alamu. Alipo?"

Analipo, atakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa papaya. Anali ataonda, tsitsi lonse mbuu. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato, kenako anayang'ana njanji.

"Wabwera kudzandimenya ndi chitsulo?"

"Khala chete, One, uone."

Che Haruna anatola kabolodi kamene kanali pa mulu wa katundu, anatulutsa sikweya, analemba mzere, anatembenuza, analembanso. Anakapereka kwa mnzawo. A Onesimo anayang'ana mizere iwiri ija nthawi yaitali.

"Ndiye wadziwa," anatero.

"Ndadziwa lero. Sikweya ndi imene inali yokhota, One, osati manja ako. Ndinakunyoza pagulu pa chinthu choti wolakwa ndinali ine. Pepa, mbale wanga."

Anayembekezera kuti mnzawo akalipa, kapena alira, kapena awapirikitsa. M'malo mwake a Onesimo anayamba kukanda kumutu, maso ali pansi, ngati mwana amene wagwidwa ndi shuga pakamwa.

"Achimwene, pali nkhani. Ukukumbuka denga lija tinkakhoma ku Chilomoni, chaka chimene Ayesha anayamba sukulu? Unapita ku mzikiti, sikweya unandisiyira."

"Ndiye?"

"Inandipulumuka. Kuchokera pamwamba mpaka pa mwala. Ndinaiwongola ndi hamala mmene ndikanathera, koma sinabwerere bwinobwino. Ndinkati ndikuuze madzulo, koma unabwera ukuyamikira mmene a Jameson anakudalitsira nayo. Ndinati ndikuuza mawa. Mawa lake ndi limeneli."

Che Haruna anadzuka.

"Iwe! Ndiwe unagwetsa sikweya yanga? Unaimenya ndi hamala? Sikweya ya a Jameson?"

"Pang'ono pokha."

"Zaka zonsezi ine ndikunamizira phiri! Ndachotsa anthu atatu ntchito! Ndatha makatoni a m'Ndirande yense!"

"Nanga ine? Zaka khumi ndi zinayi ndikupala zokhota zako, mapewa kuwawa, iwe n'kumanditi ndili ndi matenda!"

"Zokhota zanga? Anakhotetsa ndani?"

A Ursula anabwera ndi makapu awiri a tiyi amene anachita kumasulanso m'nyuzipepala, anawaika pansi pakati pa amuna awiriwo. "Anyani amasekana zikundu," anatero, n'kubwerera ku mbale zawo. Amunawo anayang'anizana. Anayamba a Onesimo, ndi besi yawo ija, kenako Che Haruna, ndipo anaseka mpaka a neba anasuzumira pampanda.

Kuseka kunatha pamene a Onesimo ananyamula kapu. Dzanja linkanjenjemera moti tiyi ankatayikira pa thalauza, mpaka anachita kuigwira ndi manja awiri.

"Zinayamba zaka zitatu zapitazo," anatero ataona kuti mnzawo waona. "Sowo ikumangoyenda kumene yafuna. Makasitomala anathawa onse. Kalipentala wopanda manja tauni siimusunga, achimwene, n'chifukwa chake ndikupita kumudzi."

Chisoni chinawagwira Che Haruna. Ndiye anachita chimene amadziwa. Anapempha a Ursula kuti awalumikizire waya wa magetsi, anagoneka kabolodi kaja pa mabokosi awiri, anakoloweka kofiira kunsi kwa njanji n'kugunditsa m'mphepete. Anaikapo sowo.

"Bwera udule."

"Usandiseke, Haruna. Waona manja anga."

"Ndaona. Njanji ndagwira ine. Iwe ingokankha."

A Onesimo anaimirira, anagwira chogwirira cha sowo ndi manja onse awiri. Makina analira. Manja ankanjenjemera ndithu, zigongono zikugwedezeka, koma sowo inalibe kolowera kwina, inangotsata njanji mpaka kumapeto. Chidutswa chinagwa pansi. A Onesimo anachitola, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana m'mphepete mwake, anatembenuza, anayang'ananso. Anapukuta m'maso ndi kolala ya malaya n'kunena kuti ndi utuchi.

Anadula kabolodi konseko mpaka kanatha, ndipo akanayamba chitseko cha kabati ya a Ursula mwini wake akanapanda kuima patsogolo pake.

Dzuwa litapendeka Che Haruna anayamba kumanga katundu wawo. Anamanga, anamasula, anamanganso. Panali funso limodzi limene linatsala, ndipo ankadziwa kuti akapanda kufunsa tsiku limenelo, lole yosamutsa katundu ipita nalo ku Phalombe Loweruka.

"Za sikweya zatha, One. Madzi akatayika saoleka. Koma mawu aja ndinanena ku Chitawira aja, a khasu aja. Wandikhululukira?"

A Onesimo anakhalanso pa kampando kawo, manja ali pamaondo.

"Ndinakukhululukira sabata yomweyo, achimwene. Ndinafika mpaka pa siteji ya ku Limbe, kawiri, kuti ndidzakuuze. Koma ndikaganiza kuti ndiyenera kuululanso za denga lija, ndinkabwerera." Anapukusa mutu. "Minibasi ziwiri zokha, Haruna. Zaka khumi ndi chimodzi."

Che Haruna anatula njanji pansi, anakoka bokosi n'kukhala pafupi ndi mnzawo. Anauza a Ursula kuti asavutike kufunafuna anthu okweza katundu Loweruka, iwo afika m'mawa lole isanabwere.